Mpeni wa m'thumba: uyeseni ndi dzanja musanapereke ndalama

    

Lero tikambirana za chida chaching'ono chimene ambiri amayenda nacho, koma ndi ochepa amene amachisankha mosamala. Mpeni wa m'thumba. Uja wopinda, umene chitsulo chake chimalowa m'chigwiriro ntchito ikatha. Koma sitikunena mpeni wopinda uliwonse ayi. Tikunena woti munthu n'kuugwiritsa ntchito ndi dzanja limodzi, wolimba, komanso wa mtengo woti munthu wamba n'kuufikira.

Wina afunsa kuti, dzanja limodzi chifukwa chiyani, pomwe manja tili nawo awiri? Tiyambire pomwepo.

Taganizirani mbuzi yanu. Munaimangirira pachitsa m'mawa. Yazungulira, yazunguliranso, chingwe chakulunga mwendo ndi khosi, ndipo tsopano ikubanika. Mfundo yamangika gwa, siikumasuka. Dzanja lamanzere mwagwira nalo nyanga kuti isaphiriphithe. Latsala ndi limodzi. Mpeni uli m'thumba. Muutsegula bwanji? Alipo amene amatsegula ndi mano, ndipo milomo ina inachekedwa motero.

Taganiziraninso msodzi ali panyanja, mwera wayamba. Chingwe cha ukonde chakola pansi, bwato layamba kupendekeka. Dzanja lina wagwira nalo m'mphepete mwa bwato kuti asagwere m'madzi. Kodi ali ndi nthawi yofufuza ndi chikhadabo pamene angakokere chitsulo? Alibe. Wamagetsi amene ali pamwamba pa makwerero alibenso. Wakabaza amene wachirikiza njinga yodzaza matumba, akufuna kudula labala amene wakana kumasuka, nayenso dzanja lotsala ndi limodzi.

Ndipo tisaiwale abale athu amene dzanja lina linasiya kugwira ntchito, kaya ndi sitiroko, kaya ndi ngozi ya pamsewu, kaya anabadwa choncho. Kwa iwo nkhaniyi si ya tsiku la zoopsa lokha. Ndi ya tsiku lililonse. Kudula chingwe, kutsegula thumba la feteleza, osadikira kuti mwana abwere kaye kuchokera kusukulu. Nkhaniyi ndi yawonso, ndipo ndibwereranso kwa iwo.

Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo. Mpeni umenewu musagule ndi maso. Uyeseni ndi dzanja. Ndipo muuyese pawiri, potsegula ndi potseka.

Tisanafike pamsika, tione kaye mipeni imene tinakula tikuiona.

Ambiri a inu mukuudziwa mpeni wa Okapi, uja wokhala ndi kamphete kumsana. Unayamba kupangidwa ku Germany mu 1902, ndipo ankaupangira misika ya ku Africa kuno. Kuyambira mu 1988 umapangidwa ku South Africa. Amene anakhalapo ku Joni amaudziwa bwino. Ndi mpeni wotsika mtengo, wosavuta kunola, ndipo ukatseguka umagwira. Koma taonani kagwiritsidwe kake. Potsegula, dzanja lina ligwira chigwiriro, lina likoka chitsulo. Potseka, chala chikoka kamphete kaja, dzanja lina likupinda chitsulo. Manja awiri amenewo. Alipo anyamata amene amautsegula modzionetsera ndi dzanja limodzi, koma mpeniwo sanaupangire zimenezo.

Ku France kuli wina wotchuka, dzina lake Opinel, umene unayamba kupangidwa mu 1890. Chigwiriro chake ndi chathabwa, ndipo pakhosi pake pali kamphete kopotokola kuti chitsulo chisapindike. Umadula bwino kwambiri, mtengo wakenso ndi wachifundo. Koma nawonso ndi wa manja awiri. Komanso thabwa likanyowa limafufuma, chitsulo n'kukanirira m'kati. Asodzi, mwamva pamenepo?

Mipeni yambiri yakale inali yotero. Pachitsulo ankadindapo kamzere kolowetsa chikhadabo, basi. Zinthu zinasintha mu 1981, pamene kampani ya ku America yotchedwa Spyderco, ya bambo wina dzina lake Sal Glesser, inatulutsa mpeni wokhala ndi bowo lozungulira pachitsulo, pafupi ndi khosi. Chala chamanthu chikalowa pabowopo n'kukankha, mpeni umatseguka. Anaikanso kachitsulo kokolowekera m'mphepete mwa thumba, kuti mpeni usamire pansi pamodzi ndi makiyi ndi makobidi. Tinthu tiwiri tating'ono, koma tinasintha mipeni ya m'thumba padziko lonse. Lero makampani ambiri amapanga yotsegula ndi chala chimodzi, ndipo ina ndi yotsika mtengo ndithu.

Tsopano tiyeni tilowe m'nkhani ya katsegulidwe.

Mukafika pa sitolo mupeza mitundu ingapo. Wina uli ndi bowo lija. Wina uli ndi kamutu kachitsulo kotumphuka pambali, kamene chala chamanthu chimakankha. Wina uli ndi kalilime kotulukira kumsana, kamene mumakadina ndi chala chamkombaphala, chitsulo n'kutuluka. Yonseyi ndi yabwino ikapangidwa bwino. Funso ndi lakuti, dzanja lanu likugwirizana ndi uti? Munthu wa zala zikuluzikulu zolimba ndi khasu kawirikawiri amapeza bowo lalikulu kukhala losavuta, chifukwa kamutu kakang'ono chala chimaterereka. Ngati ndinu wamanzere, onani ngati kamutuko kali mbali zonse ziwiri. Bowo silisankha, limalola dzanja lililonse.

Nanga uja wodina batani, chitsulo n'kudumpha chokha? Anyamata amaukonda umenewu. Umanyezimira, umamveka bwino ukamatseguka, ndipo ogulitsa amadziwa kuuonetsa. Ine ndikuti usiyeni. M'kati mwake muli kasipuling'i, ndipo m'mipeni yotchipa kasipuling'i kameneko ndi kamene kamayamba kufa. Mchenga pang'ono ukalowa, batani lakana. Tsiku lina likadinika lokha m'thumba, mpeni watseguka pantchafu. Kuwonjezera apo, maiko angapo amauletsa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chala chanu ndi chodalirika kuposa kasipuling'i kamene simukukaona.

Apa tafika pamtima pa nkhani yathu, ndipo ndikupemphani mutchere khutu. Loko.

Mpeni wopinda uli ndi vuto limodzi limene mpeni wa kukhitchini ulibe. Umatha kupindika uli pantchito. Ndipo ukapindika, umapindikira kuti? Pazala zanu, pomwe mwagwira paja. N'chifukwa chake mpeni wantchito umafunika loko, kachipangizo kogwira chitsulo kuti chisabwerere mpaka inuyo mutafuna. Anthu ambiri pogula amayang'ana kuthwa. Kuthwa mukhoza kukonza kunyumba ndi mwala. Loko woipa simungamukonze.

Mtundu wofala kwambiri m'mipeni yotsegula ndi dzanja limodzi ndi uwu. M'kati mwa chigwiriro muli kachitsulo kopyapyala kopindikira pakati. Mpeni ukatseguka, kachitsuloko kamadumphira kuseri kwa chitsulo chodulira n'kuchitchinga. Mmisiri wa mipeni wa ku America, Michael Walker, ndi amene anakonza loko wamtunduwu kuti akhale mmene alili lero, m'zaka za m'ma 1980. Ubwino wake ndi woti dzanja lomwelo lotsegula limathanso kutseka. Chala chamanthu chikankhira kachitsulo kaja pambali. Chala chamkombaphala chiyamba kupinda chitsulo pang'ono. Kenako, mvetserani apa, chala chamanthu chichoke kaye panjira, ndiye mumalize kupinda. Alipo amene anachekedwa ndi mpeni wotere potseka, chifukwa chala chinali chidakali panjira. Ndipo amanzere dziwani kuti loko ameneyu nthawi zambiri amapangira dzanja lamanja. Ndi lamanzere zimatheka, koma movutikira.

Mtundu wina ndi wodina kumsana kwa chigwiriro. Mpeni wa Buck 110, umene unatuluka ku America mu 1964, ndi umene unatchukitsa loko ameneyu, ndipo mipeni yambiri yotengera umenewo ili m'misika. Ndi loko wamphamvu, wosasankha dzanja. Koma kutseka ndi dzanja limodzi n'kovuta. Mupeza munthu wadina kumsana, kwinaku akupindira chitsulo pantchafu kapena pabondo. Buluku limang'ambika, nthawi zina pamodzi ndi khungu lomwe. Ngati dzanja lanu lina ndi lomasuka ntchito ikatha, loko ameneyu ndi wabwino. Ngati muli ndi dzanja limodzi lokha logwira ntchito, ganizirani kawiri.

Palinso mtundu wachitatu umene wayamba kupezeka ngakhale pamipeni ya mtengo wapakati. Pachigwiriro, pafupi ndi khosi, pali kamtanda kachitsulo kotulukira mbali zonse ziwiri. Mukakakokera kumbuyo ndi zala ziwiri, chitsulo chimamasuka n'kupindika, zala zanu zili kutali ndi kokuthwa. Kwa wamanzere, ndiponso kwa amene ali ndi dzanja limodzi, ine ndimaona kuti umenewu ndiwo wosavuta kuposa yonse. Chofooka chake ndi tiwaya ting'onoting'ono ta m'kati, timene timatha kuthyoka pakapita nthawi.

Ndiye mwamva. Wotsegula ndi dzanja limodzi si wotseka ndi dzanja limodzi nthawi zonse. Uyeseni potsegula, uyeseninso potseka.

Tsopano tili pamsika. Mpeni uli m'manja mwanu. Muuyesa bwanji?

Choyamba, musachite manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uzani wogulitsa kuti, achimwene, ndiloleni ndiuyese kaye. Wogulitsa amene akukana kuti muutulutse m'pepala lake, msiyeni ndi katundu wake.

Utseguleni ndi dzanja limene mudzagwiritse ntchito, lina lili kumbuyo. Uyenera kutseguka mosakakamiza, ndipo pomaliza mumve kuti ka! Kulira kumeneko ndi loko wagwira. Mukapanda kumva kanthu, kapena chitsulo chikaima panjira, pali vuto.

Kenako gwirani chitsulo chakumsana, kumene kulibe kuthwa, ndi zala ziwiri. Chigwedezeni uku ndi uku. Chigwedezeninso m'mwamba ndi pansi. Mpeni wabwino umakhala nji, ngati chitsulo ndi chigwiriro ndi chinthu chimodzi. Ukamachita gwedegwede uli watsopano, ukagwira ntchito mwezi umodzi udzakhala bwanji? Kugwedera kwa uku ndi uku nthawi zina kumatha mukamanga kabawuti ka pakhosi. Koma kugwedera kwa m'mwamba ndi pansi ndi chizindikiro chakuti loko sakugwira mokwanira. Umenewo ubwezeni pomwepo.

Suzumirani m'kati, muone kachitsulo kotchinga kaja. Kalowa bwanji kuseri kwa chitsulo chodulira? Ngati kangokhudza m'mphepete chabe, tsiku lina kadzaterereka. Ngati kadutsa mpaka kukagunda mbali inayo mpeni uli watsopano, ndiye kuti kalibenso malo oti kadzasunthire kakayamba kuperepeseka. Kabwino kamalowa mokwanira, n'kutsala ndi mpata. Mukatero, gwirani chigwiriro m'mbali, zala zonse zili kutali ndi njira ya chitsulo, ndipo mukanikize msana wa mpeni pathabwa la benchi. Osamenya, kungokanikiza. Ukapindika, mwapulumutsa zala zanu ndi ndalama zanu tsiku limodzi.

Tsopano utsekeni, ndi dzanja lomwelo. Ukatsekeka, uyang'aneni chakumimba. Chitsulo chikhale pakati, chisakhule mbali imodzi. Yendetsani chala pamwamba pa chigwiriro chakunsonga. Nsonga ibisike yonse. Ikatulukira ngakhale pang'ono, idzakulasani tsiku limene mukupisa m'thumba kufuna ndalama ya minibasi. Pomaliza, ugwireni chozondotsa n'kuugwedeza. Chitsulo chisatuluke chokha. Mpeni wotseguka mosavuta ndi wabwino, koma wotseguka wokha ndi mdani.

Chinthu china chimene ambiri sachiona ndi ichi. Pakhosi pa mpeni, pamene chitsulo chimazungulira, anamanga ndi chiyani? Ngati ndi kabawuti komanga ndi kumasula, mpeni ukadzakhwefuka mudzaumanga, ukadzadzaza mchenga mudzaumasula n'kuutsuka. Ngati ndi msomali wokhomerera, ukakhwefuka mudzangodalira hamala, ndipo hamala ikapitirira mpeni umauma, chala chimodzi sichingautsegulenso. Pa mpeni wa dzanja limodzi, sankhani wa kabawuti.

Zonsezi sizitenga nthawi. Ndi zochita mutaima pomwepo, wogulitsa akuona.

Tiyeni tsopano tinene za chitsulo chenichenicho.

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. China ndi chitsulo wamba cholimba, chonga cha zikwanje ndi nkhwangwa zathu. Chimanoleka msanga, chimathwa bwino, koma chimachita dzimbiri chikagona chonyowa. China ndi chija amati chosachita dzimbiri, chimene pachitsulo amalemba kuti stainless. Kwa msodzi, kwa wogulitsa nsomba, kwa aliyense amene mpeni wake umakhala m'thumba la thukuta tsiku lonse, chachiwirichi ndicho chabwino. Koma musanamizidwe ndi dzinalo. Nacho chimagwidwa dzimbiri mukachisiya ndi madzi a mchere kapena a mandimu.

Makampani odzilemekeza amalemba dzina la chitsulo pafupi ndi khosi la mpeni. Mukaona malemba onga AUS-8 kapena 420HC, zimenezo ndi zitsulo zapakati, zosadula, zimene mwala wamba umatha kunola. Kwa ife zimenezo n'zokwanira. Zilipo zitsulo zodula kwambiri zimene zimakhalitsa zisanabunthe, koma zikabuntha zimafuna zonolera zapadera. Kodi kumudzi kwanu mukazipeza kuti? Mpeni wabwino kwa inu ndi umene mungathe kuunola nokha.

Ndipo dzina la chitsulo si zonse. Funsani mmisiri wosula nkhwangwa kwanuko. Iye amatenga sipuling'i yakale ya galimoto, kuiwotcha, kuisula, kenako n'kuiviika. Akudziwa kuti luso lili pa kawotchedwe ndi kaviikidwe. Akalakwitsa mbali ina, nkhwangwa imakhala yofewa, kugunda mtengo kamodzi yapindika kukamwa. Akalakwitsa mbali inayo, imauma kwambiri n'kumabenthuka. Mufakitale ndi chimodzimodzi. Mipeni iwiri ingalembedwe dzina limodzi la chitsulo, wina n'kukhala wabwino, wina wachabechabe. Apa ndi pamene mipeni yachinyengo imagwidwira.

Inde, yachinyengo ilipo yambiri. Mupeza mpeni wolembedwa dzina la kampani yotchuka, koma mtengo wake ndi wa mbale ya chipisi. Dzina kudinda n'kosavuta. Kuwotcha chitsulo moyenera ndi kupanga loko wogwira ndiye ntchito. Sindikunena kuti mpeni uliwonse wochokera ku China ndi woipa, ayi. Kumeneko kuli mafakitale opanga mipeni yabwino kwambiri pa mtengo wotsika, ndipo makampani ena otchuka a ku America amapangitsa komweko mipeni yawo yotsika mtengo. Kusiyana kuli apa. Wina akugulitsa ntchito yake ndi dzina lake. Wina akubisala kuseri kwa dzina la mnzake. Amene wanama pa dzina, pa loko anena zoona?

Nanga mtengo woyenera ndi uti? Sinditchula ndalama, chifukwa mitengo ya lero si ya mawa. Koma ndinena izi. Wotchipitsitsa pa tebulo usiyeni. Wodulitsitsa simukuufuna, chifukwa mpeni wantchito umagwa m'madzi, umabwerekedwa osabwezedwa, umatayika m'munda. Gulani wapakati, wosakongoletsa, umene mukautaya mudzadandaula tsiku limodzi n'kugula wina. Ndalama yanu ipite ku loko ndi ku chitsulo, osati ku zithunzi za zinjoka ndi utoto wagolide.

Za kukula ndinena mwachidule. Chitsulo chotalika ngati chala chanu chapakati chimakwanira chingwe, nzimbe, thumba, ngakhale kusenda mbuzi. Chachitali kuposa apo chimalemera m'thumba ndipo chimaopsa anthu. Chigwiriro chikwane zala zonse, ndipo chikhale chokhakhala. Chosalala chonyezimira chimapulumuka m'manja mukagwira nsomba. Mipeni ina ili ndi mano ngati sowo chakukhosi. Manowo amadula bwino chingwe cha nayiloni, koma pamwala sanoleka. Ngati ntchito yanu si ya zingwe tsiku lonse, tengani wopanda mano.

Mwagula. Mwafika nawo kunyumba. Kuti ukhalitse mutani?

Mipeni yambiri siifa ndi ukalamba. Imaphedwa. Wina atsegulira chitini cha penti, nsonga thyo! Wina amasulira bawuti ya wailesi. Wina aukhoma ndi mwala kumsana kuti awaze nkhuni, loko n'kutha pomwepo. Mpeni wopinda ndi wodulira basi. Pakhosi paja ndi pofooka, ngakhale mpeniwo ukhale wodula chotani.

Mukadula nsomba, nyama kapena chipatso, utsukeni, muupukute, muusiye wotsegula kuti uume m'kati momwe. Mswachi wakale umachotsa bwino mchenga ndi ulusi wa m'thumba umene umaunjikana pakhosi. Zinyalala zimenezo ndi zimene zimalepheretsa loko kugwira, ndipo munthu amayesa mpeni watseguka pomwe loko sanagwire. Dontho limodzi la mafuta a makina osokera pakhosi ndi lokwanira. Pachitsulo chodulira zakudya pakani timafuta tophikira pang'ono, n'kupukuta.

Ponola, gwiritsani mwala wosalala ndi madzi, modekha, mbali zonse mofanana. Mukasowa mwala, tembenuzani kapu yadothi ija ya tiyi. Kunsi kwake kuli mkombero wokhakhala wopanda utoto, ndipo umanola bwino kampeni kakang'ono. Chimene ndikukuletsani ndi kupita nawo kwa owotcherera kuti akaunole pa makina aja othetheka moto. Makinawo amadya chitsulo chambiri, ndipo amachitenthetsa mpaka kusintha mtundu. Chikachita buluu, kulimba kwake kwapita, ndipo mpeniwo uzibuntha tsiku lililonse. Kumbukiraninso kuti mpeni wobuntha ndi umene umavulaza, chifukwa munthu amaukakamiza, n'kuterereka.

Ndinalonjeza kubwerera kwa abale athu amene ali ndi dzanja limodzi logwira ntchito. Kwa inu ndinena moona. Ngati mpeni mukuufunira pakhomo, kukhola kapena kudimba, mwina wopinda si umene mukusowa. Kampeni kosapinda, kokhala ndi chimake cholimba chomangirira palamba, kamasololoka ndi dzanja limodzi n'kubwereranso ndi dzanja lomwelo. Kalibe loko woti aphwanyike, kalibe khosi loti lidzaze mchenga, ndipo nthawi zambiri kamatsika mtengo. Wopinda ndi wa pamene mukufuna kuti ukhale m'thumba mosaoneka. Mukasankha wopinda, tengani wa bowo lalikulu kapena wa kamtanda kaja, ndipo muuyeserere mutakhala pansi, pang'onopang'ono, mpaka dzanja lizolowere. Inu achibale amene mukuwagulira, musagule nokha n'kungowapatsa. Pitani nawo. Dzanja loyesa likhale lawo.

Chomaliza ndi malamulo ndi khalidwe, ndipo apa ndikulankhula kwambiri ndi inu apaulendo.

Safunsa anadya phula. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake pa mipeni. Ku Britain, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, mpeni wodina batani ndi woletsedwa. Mpeni wopinda umene munthu angayende nawo pagulu popanda kufotokoza chifukwa ndi waung'ono, wosapitirira mainchesi 3, komanso wopanda loko. Mwamva? Loko yemweyo amene ndakhala ndikumuyamikira pano, kumeneko akhoza kukufikitsani kukhoti ngati mulibe chifukwa chomveka, monga cha ntchito. Ku South Africa, Okapi uja ali ndi mbiri ina yosakoma chifukwa cha zigawenga zimene zaugwiritsa ntchito molakwika, ndiye mlendo woyenda nawo m'tauni usiku asadabwe akafunsidwa mafunso. Ndipo pokwera ndege, mpeni uliwonse ulowe m'chikwama chachikulu chopita kunsi. Ukapezeka m'thumba kapena m'chikwama cha m'manja, utsala pabwalo la ndege pomwepo.

Kwathu kuno nako, mpeni ndi wa kumunda, kunyanja, ku ntchito. Si wa kumowa. Si wa kumpira, si wa kusukulu, si wa kumsonkhano. Ubwino wa mpeni umene takambiranawu ndi woti umatseguka msanga, ndipo kuipa kwake pamalo a mkangano ndi komweko. Mtima ukapsa, dzanja limafulumira kuposa nzeru. Mabanja ambiri akulira lero chifukwa cha kamphindi kotero, ena kumanda, ena kundende. Anyamata, ndikukupemphani, musanyamule mpeni poti mudzitetezere. Ntchito ikatha, usiyeni kunyumba.

Ndipo kunyumbako, makolo, kumbukirani kuti mpeni umene chala chanu chimodzi chimatsegula, chala cha mwana chimathanso kutsegula. Kutseka ndiye sangathe. Musausiye pampando kapena pawindo. Uikeni pamwamba, kapena m'bokosi lokiya.

Tibwereze kamodzi komaliza inu amene mwatsegula wailesi mochedwa. Mukapita kukagula, utseguleni ndi dzanja limodzi, mumve loko akugwira, mugwedeze chitsulo, kenako muutseke ndi dzanja lomwelo zala zili kutali. Ukalephera chimodzi mwa zimenezi, ubwezeni patebulo ndipo ndalama yanu ibwerere m'thumba.